Zitini zotsala muziwerengera pa mtengo uti, nanga depreciation ikudya phindu bwanji?

Funso lafika motere: "Ndimagulitsa penti ndi zipangizo zomangira. Chaka chino ndaoda katundu katatu ndipo ulendo uliwonse ndimapeza mtengo utakwera. Pano ndikutseka mabuku koma sindikudziwa kuti zitini zotsala ndiziwerengere pa mtengo uti. Chinanso ndili ndi galimoto yonyamulira katundu ndi makina osakanizira penti, zonse ndinalipira kale, koma a akauntanti akuchotsa ndalama pa phindu ati ndi depreciation pomwe m'thumba mwanga simunatuluke kalikonse. Akundibera kapena ndi mmene zimakhalira?"

Achimwene, sakukuberani ayi, ndipo mwachita bwino kufunsa musanasaine mabukuwo chifukwa anthu ambiri amangosaina kenako nkumadzadabwa kuti phindu likuoneka papepala koma ndalama yoodera katundu wina palibe. Mafunso anu awiriwa mukawayang'anitsitsa ndi funso limodzi lomwelo: ndalama imene munatulutsa pogula chinthu, ilowe liti m'buku ngati ekisipensi, kutanthauza ndalama yochotsedwa pa phindu? Tsiku limene mwaoda penti simunaluze kanthu, mwangosintha kashi kukhala zitini, chuma chanu chidakali chomwecho. Ndalama ija imasanduka ekisipensi tsiku limene chitini chatuluka pakhomo ndi kasitomala. Galimoto nayo ndi chimodzimodzi, kungoti iyoyo simukuigulitsa, mukuidya pang'onopang'ono pamsewu, nde mtengo wake umayenera kulowa m'buku pang'onopang'ononso. Mukagwira mfundo imeneyi zina zonsezi ndi masamu chabe.

Tiyambe ndi sitoko. Musanafike n'komwe pa nkhani ya njira zowerengera zitini zotsala, dziwani kaye kuti mtengo wa chitini chimodzi si nambala yokhayo yolembedwa pa invoisi. Lamulo la akaunti la padziko lonse lokhudza sitoko, limene amalitchula IAS 2, limati muphatikize mtengo wogulira, msonkho wolowetsera katundu m'dziko ngati ulipo, thiransipoti yofikitsira katundu pamalo panu, ndi ndalama yokweza ndi kutsitsa, kenako muchotse disikaunti imene anakupatsani. VAT imene a msonkho amatha kukubwezerani siyilowa. Renti ya malo ogulitsira, malipiro a wogulitsa, zotsatsa malonda, izi sizilowa mu mtengo wa sitoko, ndi ma ekisipensi a chaka chomwecho basi. Apa pokha ambiri amalakwitsa, thiransipoti amailemba payokha nde chitini chimaoneka chotchipa, nkuika mtengo wogulitsira wotsika kuposa mmene zimayenera kukhalira.

Tsopano tiike manambala, mugwiritse ndalama iliyonse imene mumagwiritsa ntchito, masamu ake sasintha. Tinene kuti mu January munaoda zitini 100 pa 50 chimodzi, mu April zitini 100 pa 60, mu September zitini 100 pa 70. Zonse pamodzi zitini 300, ndalama yatuluka 18,000. Pakutha pa chaka mwagulitsa 220 pa 90 chimodzi, ndiye kuti mwatolera 19,800, pa shelefu patsala 80. Mpaka apa palibe mkangano. Mkangano umabwera pofunsa kuti 18,000 ija tiigawe bwanji, ingati ipite ndi zitini zogulitsidwa, ingati itsale ndi zitini 80 zija.

Njira yoyamba ndi FIFO, imaganiza kuti zimene zinayamba kulowa ndi zimene zimayamba kutuluka. Nde 220 zija ndi 100 za pa 50, 100 za pa 60, ndi 20 za pa 70, zonse 12,400. Zotsala 80 ndi zatsopano za pa 70, sitoko yanu ndi 5,600. Phindu musanachotse ma ekisipensi ena likhala 19,800 kuchotsa 12,400, latsala 7,400.

Njira yachiwiri ndi ya avareji. Mutenga 18,000 kugawa ndi 300, chitini chilichonse chikhala pa 60 posaona kuti chinabwera liti. Zogulitsidwa 220 zikwana 13,200, zotsala 4,800, phindu 6,600.

Yachitatu ndi LIFO, imati zomalizira kulowa ndi zimene zimayamba kutuluka. Zogulitsidwa zikhala 100 za pa 70, 100 za pa 60, 20 za pa 50, zonse 14,000, sitoko yotsala 80 pa 50 ndi 4,000, phindu 5,800.

Mwaona eti, bizinesi imodzi, zitini zomwezo, kashi mu dirowa yomweyo, koma phindu litatu: 7,400, 6,600, 5,800. Palibe amene wanama pa atatuwa. Ndipo kusiyanaku sikusowa, kumangosamukira chaka chamawa, chifukwa sitoko yotsekera chaka chino ndi imene mudzatsegulire chaka chamawa. Amene watenga phindu lalikulu lero kudzera mu FIFO akuyamba chaka chamawa ndi zitini zodula za 5,600, zikadzagulitsidwa zidzadya phindu la chaka chimenecho. Tsiku limene mudzagulitse chitini chomaliza, njira zonse zitatu zidzakhala zitapereka phindu lofanana mukaphatikiza zaka zonse.

LIFO ndaionetsa kuti muimvetse chabe, koma mwina simuloledwa kuigwiritsa ntchito. Bungwe la IASB la ku London limene limalemba malamulo a akaunti a padziko lonse otchedwa IFRS linaichotsa mu IAS 2 pamene linakonzanso lamuloli mu 2003, ndipo kuletsaku kunayamba kugwira ntchito mu 2005. Malamulo apafupi a mabizinesi ang'ono ndi apakati, IFRS for SMEs, amene anatuluka mu 2009, nawonso sailola. Chifukwa chake nchomveka, ndi LIFO sitoko ya m'buku imatha kukhala pa mitengo ya zaka makumi angapo zapitazo, balance sheet, pepala loonetsa chuma ndi ngongole za bizinesi, nkumaonetsa nambala yosagwirizana ndi chilichonse chimene chili mu weyahausi, kenako chaka china kampani ikatsitsa sitoko kwambiri mpaka kufika pa mitengo yakale ija phindu limangofufuma popanda chimene achita. Ku United States kokha ndi kumene LIFO ikadali yamoyo kwenikweni, makampani ngati ExxonMobil amaigwiritsa ntchito, chifukwa mitengo ikamakwera imachepetsa phindu lokhomedwa msonkho, ndipo lamulo lakumeneko limati ukaisankha pa msonkho uyigwiritsenso ntchito m'malipoti opita kwa eni masheya, osamaonetsa boma phindu laling'ono ndi eni kampani lalikulu.

Nde inu mwatsala ndi FIFO ndi avareji. Ilipo inanso yoti chinthu chilichonse uchitsatire ndi mtengo wakewake, koma imeneyo ndi ya katundu wosafanana, monga wogulitsa magalimoto pomwe iliyonse ili ndi nambala yake ya chasisi, kapena makina opangidwa mwa oda. Pa zitini za penti zofanana siyoyenera.

Ine maganizo anga ndi awa. Pa katundu ngati wanu, wobwera kangapo pa chaka mitengo ikusinthasintha, avareji imakupatsani mtendere, makamaka ngati muli ndi pulogalamu ya pa kompyuta imene imawerengera yokha. Mapulogalamu ambiri sadikira kutha kwa chaka, amasintha avareji nthawi iliyonse katundu akalowa. Mwachitsanzo ngati pofika April munali mutagulitsa 70 nkutsala 30 za pa 50, ndiye 1,500, mwaonjezera 100 za pa 60, ndiye 6,000, zonse 7,500 kugawa ndi zitini 130, avareji yatsopano ikhala pafupifupi 57.69. Choncho musadabwe nambala ya pa kompyuta ikasiyana pang'ono ndi 60 imene tapeza pamwambapa, onse ndi avareji koma wina wawerengera kamodzi pa chaka wina ulendo uliwonse. FIFO ubwino wake ndi woti sitoko ya pa balance sheet imakhala pafupi ndi mitengo ya lero, a banki akamayang'ana amaona chithunzi chenicheni, komanso ndi yosavuta kulondola ndi ma invoisi, odita, wofufuza mabuku, akafunsa mungomuonetsa invoisi yomaliza. Ndipo musasokoneze ziwirizi: kagulitsidwe ka pa shelefu ndi kawerengedwe ka m'buku. Olo mutasankha avareji m'buku, pa shelefu muzitulutsabe zitini zakale poyamba kuti zisaume.

Koma chimene ndikufuna mumve kwambiri ndi ichi, chifukwa ndi pamene mabizinesi ambiri amafera mwini wake akuona ngati zikuyenda. Mitengo ikamakwera, phindu la FIFO lija la 7,400 silonse lodyeka. Tinene kuti pooda ulendo wotsatira mtengo wafika 75. Kuti mubwezeretse zitini 220 zimene mwagulitsa mufunika 16,500. Munatolera 19,800. Ndiye ndalama imene mungaichotse bizinesi nkukhalabe yaikulu mmene inalili ndi 3,300 yokha, ndipo apa sitinachotse renti, malipiro, magetsi. Mukatenga 7,400 yonse nkupita nayo kunyumba mwadya mpamba, ulendo wotsatira muoda zitini zochepa, wotsatirawo zocheperanso, mabuku akuonetsabe phindu chaka ndi chaka pomwe mashelefu akupepuka. Mabuku sakunama, amangowerengera pa mtengo wakale chifukwa ndi umene uli ndi risiti. Nde poika mtengo wogulitsira komanso poganiza zoti mutapepo zingati, muziyang'ana mtengo wobwezeretsera katundu, osati umene munagulira.

Pali lamulo lina limene limakhala pamwamba pa njira zonsezi. Sitoko imalembedwa pa mtengo wogulira kapena pa ndalama imene mungaipeze mutaigulitsa mutachotsa zowonongera pogulitsa, mutenge yocheperapo pa ziwirizo. Tinene kuti mwa zitini 80 zija, 20 ndi za mtundu umene anthu asiya kuufuna kapena zaphwanyika m'mbali, munagula pa 70 koma pano bola mutapeza 45, ndipo kuti zichoke mufunika kuwonongapo 5 pa chitini. Ndiye mtengo wake weniweni ndi 40. Mutsitse 30 pa chitini chilichonse, 600 yonse, ilowe ngati luzi chaka chino chomwe, osadikira tsiku logulitsa. Zimapweteka kulemba, ndikudziwa, koma sitoko yakufa yosungidwa pa mtengo wonse ndi bodza limene mwini bizinesi amadzinamiza yekha. Mbali inayi siyiloledwa, mtengo pamsika ukakwera kufika 100 simungakweze sitoko m'buku, phindu limenelo mudzaliona mukadzagulitsa. Mtengo wa zitini zija ukadzabwerera mutha kubweza zimene munatsitsa koma osapyola 70 imene munagulira.

Ndipo zonsezi zilibe ntchito ngati simunawerenge zitini ndi manja. Tsiku lotseka chaka lowani mu sitolo ndi pepala, anthu awiri, wina awerenge wina alembe, ndipo amene amasunga makiyi tsiku ndi tsiku asakhale yekha. Kompyuta ikati 80 inu nkupeza 74, zenizeni ndi 74, zisanu ndi chimodzi zija ndi luzi, kaya zinabedwa kaya zinatayika kaya wina anaiwala kulemba. Samalaninso katundu wofika masiku omaliza, ngati mwamuwerenga mu sitoko invoisi yake ilowenso chaka chomwecho, apo bii phindu lifufuma ndi ndalama yonse ya katunduyo.

Mukasankha njira khalani nayo. Kusintha kuchoka pa FIFO kupita pa avareji kumaloledwa ngati pali chifukwa chomveka, koma lamulo la IAS 8 limati ukatero ubwerere m'mbuyo ukonzenso manambala a chaka chatha kuti zifanane, ndipo ulembe poyera kuti wasintha. Kusinthasintha chaka chilichonse pofuna nambala yokoma, odita ndi a msonkho amakugwira msanga.

Tsopano galimoto ija. Tinene kuti munaigula 110,000, msonkho ndi zoifikitsira zinakwana 10,000, nde mtengo wake m'buku ndi 120,000, chifukwa lamulo la IAS 16 limati zonse zimene mwawononga kuti chinthu chifike pamalo ndi kukhala chokonzeka kugwira ntchito zimalowa mu mtengo wake. Mukanalemba 120,000 yonse ngati ekisipensi chaka chogula, chaka chimenecho chikanaoneka cha luzi yoopsa, zaka zotsatira nkumaoneka ngati mukunyamula katundu ulele, zonse ziwiri zabodza. Depreciation ikungogawa 120,000 ija pa zaka zimene galimoto ikugwirirani ntchito. Mukunena zoona kuti chaka chino m'thumba simunatuluke kanthu, ndalama inatuluka kale tsiku logula, buku likungoivomereza mochedwa, chigawo ndi chigawo.

Pamafunika kuganiza zinthu ziwiri, ndipo zonse ndi zongoyerekeza: igwira ntchito kwa inu zaka zingati, ndipo podzaisiya mudzapezapo zingati. Onani kuti ndati kwa inu. Galimoto itha kuyenda zaka 15 m'manja mwa anthu osiyanasiyana, koma ngati inu mumasintha pakatha zaka 5, moyo wake m'buku lanu ndi zaka 5. Tinene zaka 5, ndipo mudzaigulitsa 20,000, umenewu ndiwo mtengo wotsalira. Ndalama yogawa ndi 100,000.

Njira yofala kwambiri ndi straight line, kugawa mofanana basi, 100,000 pa zaka 5 ndi 20,000 chaka chilichonse. Pakutha pa chaka choyamba m'buku yatsala 100,000, chachiwiri 80,000, chachitatu 60,000, mpaka ifike pa 20,000. Ndi yabwino pa zinthu zimene zimakutumikirani mofanana chaka ndi chaka, nyumba, mashelefu, mipando ya mu ofesi.

Ina ndi reducing balance, mumatenga peresenti yomweyo koma pa ndalama yotsala m'buku, osati pa mtengo woyamba. Tiike 30 peresenti. Chaka choyamba 36,000, itsala 84,000. Chachiwiri 30 peresenti ya 84,000 ndi 25,200, itsala 58,800. Chachitatu 17,640, itsala 41,160. Chachinayi 12,348, itsala 28,812. Chachisanu pafupifupi 8,644, itsala pafupifupi 20,168. Mwaona kuti tafika pamalo pomwepo pa 20,000 paja, kungoti njira iyi yatenga zambiri poyamba zochepa kumapeto. Pa magalimoto ndi makompyuta ine ndimaikonda imeneyi, chifukwa zaka zoyamba galimoto imayenda kwambiri osapita ku galaji, ikamakalamba ndalama ya makaniko imakwera, nde depreciation ikamatsika kukonzetsa kukukwera, mtolo wonse wa chaka umakhala wosasiyana kwambiri.

Yachitatu ingakuyenereni pa makina a penti aja, kuwerengera ndi ntchito imene agwira osati zaka. Tinene munagula 45,000, mudzapezapo 5,000, ndipo opanga akuti amagwira maola pafupifupi 20,000. Ndiye 40,000 kugawa ndi 20,000, ola lililonse ndi 2. Chaka chimene agwira maola 3,000 depreciation ndi 6,000, chaka chotanganidwa cha maola 5,500 ndi 11,000. Imafuna kuti muzilemba maola mokhulupirika, ngati palibe mita kapena buku la maola bola ingotengani straight line. Chimene sichiloledwa ndi kumangiriza depreciation ku ndalama zimene mwagulitsa, kuti chaka chovuta muchepetse, IASB inatseka khomo limeneli mu 2014.

Kuti muone kuti njira sizisintha choonadi, tinene mwaigulitsa galimoto pakutha pa chaka chachitatu pa 50,000. Wa straight line m'buku ali ndi 60,000, alemba luzi ya 10,000, kuphatikiza ndi 60,000 ya depreciation ya zaka zitatu, zonse 70,000. Wa reducing balance m'buku ali ndi 41,160, alemba phindu la 8,840, depreciation yake inali 78,840, kuchotsa 8,840, yatsala 70,000. Chimodzimodzi ndendende. Munagula 120,000 mwagulitsa 50,000, galimoto yakudyerani 70,000 basi, njira inangosankha kuti chaka chiti chisenze zingati.

Tizinthu tina tachangu. Depreciation imayamba tsiku limene chinthu chakonzeka kugwira ntchito, olo chikhale chisanayambe, ndipo pa straight line siyiima chifukwa galimoto yaimikidwa miyezi iwiri. Mukagula pakati pa chaka werengerani miyezi yake. Malo, kutanthauza nthaka, sachotsedwa depreciation chifukwa satha, koma nyumba yomangidwapo imachotsedwa, nde mukagula zonse pamodzi muzilekanitse m'buku. Sevisi, oilo, mabuleki, izi ndi ma ekisipensi a chaka chomwecho. Koma mukaika injini ina yonse imene italikitse moyo wa galimoto, imeneyo imalowa mu mtengo wa katunduyo, yakaleyo nkuchotsedwa m'buku. Ndi chifukwa chake makampani a ndege amawerengera injini payokha, thupi la ndege palokha, mipando payokha, chilichonse ndi zaka zake.

Zaka ndi mtengo wotsalira zija muziziunikanso kamodzi pa chaka. Ngati patatha zaka ziwiri mwaona kuti galimoto yatopa msanga, yatsala ndi zaka 2 osati 3, simubwerera m'mbuyo ayi, mungotenga 80,000 yotsala kuchotsa 20,000, kugawa ndi 2, kuyambira pano ndi 30,000 pa chaka. Apa ndi posiyana ndi kusintha njira ya sitoko kuja. Ndipo ikachita ngozi kapena makina atha ntchito chifukwa kwabwera atsopano, pali lamulo lina, IAS 36, loti mutsitse mtengo wake nthawi yomweyo kufika pa ndalama imene mungapezepo pochigwiritsa ntchito kapena pochigulitsa.

Manambala ongoyerekezawa musawapeputse, ndi pamene pamabisala zambiri. Mu 1998 kampani yonyamula zinyalala ya ku United States, Waste Management, inakakamizika kukonzanso malipoti ake a kuyambira 1992 mpaka 1997, phindu linatsika ndi madola pafupifupi 1.7 biliyoni, ndipo gawo lalikulu la nkhaniyo linali lomweli, anatalikitsa zaka za malole awo ndi kukweza mtengo wotsalira kuti depreciation ichepe phindu lioneke lalikulu. Si kuti kutalikitsa kulikonse ndi chinyengo. Mu 2022 Microsoft inalengeza poyera kuti ma seva ake, makompyuta akuluakulu osungira deta, aziwerengedwa zaka 6 m'malo mwa 4 chifukwa akukhalitsa, ndipo inanena yokha kuti kusintha kumeneku kuonjezera madola pafupifupi 3.7 biliyoni pa phindu la chaka chotsatira, popanda kugulitsa chinthu chimodzi choonjezera. Alphabet, eni ake a Google, anachitanso chimodzimodzi mu 2023. Kusiyana kwake ndi koti awa ananena poyera ndi kupereka chifukwa. Nde a akauntanti anu akakuuzani kuti galimoto aiika zaka 5 kapena 8, afunseni kuti chifukwa chiyani, ndipo inu ndi amene mukudziwa misewu imene imayenda ndi katundu amene imanyamula, yankho lanu likhale ndi mphamvu pamenepo.

Pali kusamvetsa kumodzi kumene ndimakumana nako kawirikawiri, anthu amaganiza kuti depreciation ndi ndalama imene ikusungidwa penapake yodzagulira galimoto ina. Ayi ndithu, palibe akaunti imene ikudzaza. Chimene imachita ndi kutsitsa phindu kuti musatape zambiri, nde ngati mwamvera nkutapa phindu lokhalo lotsala, 20,000 ya depreciation ija imatsalira mu bizinesi, koma imatsalira ngati zitini, ngati ngongole za makasitomala, ngati kashi yosakanikirana ndi ina. Ngati mukufuna kuti chaka chachisanu ndalama idzakhalepo, tsegulani akaunti yapadera muziikamo mwezi ndi mwezi ndi dzanja lanu, ndipo muziika yoposa depreciation, chifukwa vuto lija la zitini lili panonso, depreciation ikuwerengera 120,000 yakale pomwe galimoto yofanana nayo podzafika nthawiyo idzakhala itakwera.

Za msonkho, musadabwe a akauntanti akachotsa depreciation m'mabuku kenako nkuibwezeranso powerengera msonkho. M'mayiko ambiri, United Kingdom ndi chitsanzo chimodzi, a msonkho savomera depreciation imene mwadziwerengera nokha, chifukwa aliyense akanaika nambala yomukomera. Iwo amakhala ndi mapulesenti awoawo amene amawatchula capital allowances, mtundu uliwonse wa katundu ndi mlingo wake, ndipo ku United States ali ndi dongosolo lawo lotchedwa MACRS limene linabwera ndi lamulo la msonkho la 1986. Ndiye mumakhala ndi manambala awiri pa galimoto imodzi, ya m'mabuku anu ndi ya a msonkho, ndipo zonse ndi zovomerezeka. Mapulesenti amenewa amasintha ndi bajeti ya boma, nde atengeni kwa a msonkho a dziko lanu a chaka chomwecho, osadalira a zaka zapitazo. Cholakwika chimene ndimachiona ndi kungokopera mlingo wa a msonkho nkuuika m'mabuku a bizinesi poopa ntchito iwiri, mapeto ake buku limati makina atha pomwe akugwirabe ntchito bwinobwino, kapena limati akadali ndi mtengo pomwe anafa kale.

Musanasaine, apempheni a akauntanti akupatseni mapepala awiri. Loyamba la sitoko, loonetsa mtundu uliwonse wa penti, zitini zimene munawerenga ndi manja, mtengo wa chimodzi, njira imene agwiritsa ntchito, ndi zimene atsitsa chifukwa chowonongeka. Lachiwiri kaundula wa katundu wokhalitsa, galimoto mzere wake, makina mzere wake, tsiku logula, mtengo wonse, zaka, mtengo wotsalira, depreciation ya chaka chino, ya zaka zonse pamodzi, ndi yotsala m'buku. Tengani kakyuleta mubwereze nokha mizere iwiri itatu mmene tachitira apa, pa zitini yambani ndi mtundu umene muli nawo wambiri chifukwa ndi umene umasuntha phindu kwambiri, ndipo mukapeza nambala yosiyana ndi yawo muwafunse akuonetseni invoisi imene atengapo mtengowo.